A Zigamba ndi Mbalame za Chadodolido

Khwe, khwe, khwe. Kenako zii. Kenako khwe, khwe.

Phokoso limeneli ndinayamba kulimva mwana wanga ali ndi masabata atatu. Linkachokera kuseri kwa khoma, cha kumutu kwa bedi, nthawi imene ngakhale agalu a mumsewu amakhala atatopa n'kuuwa. Bambo a mwana amayendetsa lole, amatha masabata awiri osagona pakhomo, ndiye m'chipindamo tinalimo awiri: ine ndi kamunthu kosadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli akuba. Usiku woyamba ndinati ndi makoswe. Wachiwiri ndinatchera khutu bwino n'kuzindikira kuti khoswe saima kaye kuti aganize. Uyu anali munthu. Ndinakankhira tebulo kuchitseko n'kukhala tsonga mpaka mbandakucha, tsache lili m'manja.

Kutacha ndinabereka mwana n'kupita khomo lachiwiri, kwa anzathu amene timagawana nawo khomalo. Tinali titangosamukira kumene pamalopo, ndipo chimene ndinkadziwa n'chakuti bambo wa m'nyumbamo ndi wometa, mayi ndi telala. Bambowo ndinawapeza pakhonde akutsuka zipeso m'beseni. Nditawafotokozera, anaseka mpaka chipeso chinawapulumuka.

"Wakuba wanuyo ndimagona naye bedi limodzi," anatero. "Amayi inu! Tulukani, mwagwidwa. Apolisi afika, abereka ndi khanda lomwe."

Umu ndi mmene ndinawadziwira a Zigamba.

Dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalitchula mumsewu wathu palibe angakulozereni nyumba. Ndi mayi wamfupi, wojintcha, wa zaka zopitirira makumi asanu. Tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo. Tsiku lina analowa nayo m'tchalitchi n'kuimba nayo nyimbo zitatu asanazindikire. Pachifuwa pa bulauzi pamakhala mapini ndi singano, moti kuwakumbatira n'kudziputira ngozi. Makina awo ndi opalasa ndi mapazi. Amawatulutsira pakhonde dzuwa likamatuluka, ndipo pambali pake pamakhala mulu wa zovala zovulala: mayunifolomu othothoka manja, mathalauza ophulika pakati, mazipi oluma, matumba obooka.

Amatenga chovala, kuyang'anitsitsa pong'ambikapo, n'kukuuzani mmene zinachitikira ngati analipo. "Apa munalumpha mpanda, ndipo simunkalowa, munkathawa." "Apa mwana wanu sanagwe ayi, anakokedwa ndi mnzake." "Apa si msomali, bambo, musaunamizire. Mwangonenepa." Akatero amasoka mwaluso mpaka mwini chovala amafunafuna pamene panang'ambika, osapapeza.

Koma panthawiyo a Zigamba sankadula nsalu. Munthu akabwera ndi nsalu yatsopano kuti amusokere diresi, ankaisisita, kuinunkhiza, kuiyamikira, n'kuipinda bwinobwino. "Yabwino zedi. Pitani nayo kwa telala wa pamphambano." Ena ankati n'kunyada, ena ankati maso anayamba kuwavuta.

Mmawa umenewo a Zigamba anandilowetsa m'nyumba kuti ndikamuone wakubayo. Pamisomali ya kukhoma panali madiresi a nyuzipepala. Ena a manja otukumuka, ena a makolala ozungulira, lina la mchira wautali, nkhani za mpira zili pachifuwa. Tulo tikawathawa, a Zigamba ankayala nyuzipepala pansi, kujambula ndi choko, n'kumadula ndi sizasi yaikulu yakuda imene masana inkabisidwa pansi pa matiresi.

"Pepala silidandaula, mwanawe," anatero, maso ali kumbali.

"Komanso silipita ku ukwati," anawonjezera amuna awo ataima pakhomo.

"Abambo inu, kulibe mitu yoti mukamete?"

Amuna awowo anthu amawatchula kuti a Mpala, chifukwa akalakwitsa pometa sataya nthawi n'kudandaula. Amangouza mwini mutu kuti kunja kwatentha, n'kumumeta mpala. Ndi iwo amene anandiuza nkhani ya mbalame, akazi awo akupalasa makina mwamphamvu kuti mawu asamveke.

Zaka makumi awiri zapitazo, a Zigamba anali telala wotchuka, woti akwatibwi ankachita kulimbirana. Ndiye mchemwali wa a Mpala ankakwatiwa, n'kubweretsa nsalu yoti asokeredwe diresi losinthira kumadyerero. Inali nsalu yachikasu, ya mbalame zouluka. A Zigamba anali ndi ntchito yambiri sabata imeneyo, ndipo podula chigawo chakumsana anaitembenuza nsaluyo osazindikira. Diresilo linafika kwa mwini wake mmawa wa tsiku la ukwati, wina aliyense ali pikitipikiti, palibe anayang'ana kumsana.

"Mkwatibwi akulowa, kutsogolo mbalame zikukwera kumwamba, anthu nthungululu," anatero a Mpala. "Atangotembenuka, kumsana zonse chadodolido, mitu pansi, miyendo m'mwamba. Malume athu ena, amene anali atalawako kale, anaimirira n'kukuwa kuti, 'Ndani waziwombera mbalamezo?' Holo yonse inagwa nako kuseka. Ngakhale mkwati."

"Ngakhale inu," anatero a Zigamba osadzutsa mutu.

"Ine ndinangotsokomola."

Mkwatibwi analira. Mpaka lero kwawo amamutchula kuti Chadodolido, ndipo akakumana ndi a Zigamba pamaliro amawapatsa moni ndi nsonga za zala. Chiyambire tsiku limenelo, sizasi yaikulu sinakhudzenso nsalu ya munthu.

"Ndimawauza kuti aliyense amalakwitsa," anatero a Mpala. "Ine ndimalakwitsa Lolemba lililonse."

"Tsitsi limamera, bambo. Nsalu simera."

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti a Zigamba ndi munthu wopemphera. Mmawa uliwonse, asanaike phazi pamakina, ankatsinzina n'kunena pemphero lomwelomwelo, ndipo ine ndinkalimva ndili pampopi: "Ambuye, lero ndisalakwitse." A Mpala ankati pemphero limeneli akazi awo anapeza njira yoliyankhira okha. Wosadula salakwitsa kudula.

Sindinkawaseka, chifukwa nane ndinali ndi anga. Mwana wanga, amene a Mpala anamutcha kuti abwana poona mmene amandilamulira, ndinkamugwira ngati dzira. Akagona nthawi yaitali ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve mpweya. Zimene tinaphunzira kusekondale za majeremusi zinandikhala m'mutu, moti ndinkawiritsa chilichonse, ndi kasupuni komwe koti kangotuluka m'madzi owira. Koma chimene chinandigonjetsa ndi zikhadabo. Zinali zitatalikirapo, zoonda ngati pepala koma zakuthwa, ndipo ndikangoganiza zofikitsa chitsulo pa tizala timeneto, ndinkangozisiya. Ndinangomuveka masokosi m'manja.

Ubatizo wa abwana unali utatsala masabata atatu. Bambo ake anandibweretsera nsalu ya buluu ya timasamba toyera, chifukwa chibadwire mwanayu palibe diresi langa limene linkavomera kutsekeka. Ndinapita nayo kwa a Zigamba, ngakhale ndinkadziwa yankho. Anaisisita, kuinunkhiza, kuipinda. Kwa telala wa pamphambano ndinapeza mulu wa mayunifolomu wofika m'chiuno, iye n'kunena kuti ndidzabwere mwezi wamawa. Nsaluyo ndinaibweza m'katoni n'kumayesera kumangirira diresi lakale ndi mapini.

Lachitatu lina masana sokosi imodzi inavuka, abwana n'kudzikanda pansi pa diso. Kamzere kofiira chabe, koma ndinathamangira pakhonde la a Zigamba ndikulira kuposa mwini wake.

"Tamubweretsani kuno," anatero. Anavula sokosi inayo n'kuyang'ana tizalato. "Iii, make abwana! Mukulera mwana kapena kabawi?"

Anatenga kasizasi kawo kodulira ulusi, anakatsuka ndi sopo, anakhazika mwana pamiyendo n'kuyamba kuwenga. Tsipi, tsipi, tsipi, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi m'mphuno, dzanja osanjenjemera ngakhale pang'ono. Atamaliza dzanja limodzi anandipatsira kasizasiko.

"Linalo ndi lanu."

"Amayi, sindingathe."

"Mwanayu adzakhala ndi zikhadabo mpaka kukalamba. Muzidzabwera naye kwa ine ali ndi ndevu?"

Ndinawenga chala choyamba. Chachiwiri. Pachachitatu abwana anakoka dzanja, ine n'kutsina kakhungu. Kadontho ka magazi, kochepa ngati mutu wa pini, kanatuluka. Mwana anakuwa.

A Zigamba anapanikiza pamalopo ndi kansalu koyera, n'kundiuza kuti ndimuyamwitse. Pasanathe mphindi zisanu anali mtulo, kakamwa kali yasa.

"Mwalakwitsa," anatero. "Ndiye? Kumwamba kwagwa? Tamverani, mwanawe. Masabata onsewa mwakhala mukumuteteza ku sizasi, koma taonani, wadzikanda yekha pafupi ndi diso. Mantha nawonso amavulaza, kungoti savulaza mwaphokoso. Mukuganiza kuti Mulungu pokupatsani mwanayu ankayesa kuti ndinu mngelo? Anakupatsani akudziwa kuti mudzamutsina chala, mudzamusambitsa madzi ozizirirako, mudzamuveka malaya chakumbuyo. Anadziwa zonsezo, n'kukupatsanibe. Tsono inu ndinu ndani kuti muzikana ntchito imene mwini wake wakukhulupirirani nayo? Malizani tizala tiwirito."

"Ameni!" anatero a Mpala. Sitinawaone kuti afika nthawi yanji kudzadya chamasana. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. "Ulaliki wamphamvu. Ndikungopempha kuti ukawafikenso alalikiwo."

Ndinayembekezera kuti a Zigamba awatumiza kukameta mitu monga mwa masiku onse. M'malo mwake anatola buluku pamulu paja n'kulitembenuzatembenuza, ngati aiwala chimene likudwala.

Masiku anayi otsatira kuseri kwa khoma kunalibe khwe khwe, ndipo bata limenelo linandiopsa kuposa phokoso lija. Lamlungu mapemphero atatha, anthu akupatsana moni panja, ndinabwerera m'tchalitchi kukatenga shawelo imene ndinaiwala. A Zigamba anali okha pabenchi yakumbuyo, milomo ikugwedera, dzanja likuloza uku ndi uku ngati munthu amene akutsutsana ndi mnzake pamsika. Ndinatuluka monyang'ama.

Lolemba mmawa anagogoda pakhomo panga, tepi ili m'khosi, sizasi yaikulu ili m'manja, dzuwa likuwala, aliyense akuona.

"Nsalu ija ilibe mbalame?"

"Ndi masamba, amayi."

"Tsamba likagwa chadodolido palibe amafunsa. Bweretsani."

Anandiyeza katatu. Manambala analemba pakatoni, kenako padzanja, kuopa kuti katoni ingasowe. Tinatulutsa tebulo lawo n'kuyala nsalu, anaisita, anajambula ndi choko, anafufuta, anajambulanso. A Mpala tsiku limenelo ananena kuti makasitomala angadikire, tsitsi silithawa. Anakhala pandowa yovundikira n'kulandira abwana m'manja mwanga.

A Zigamba anatsinzina. "Ambuye, lero ndisala..." Anaima. Anapumira m'mwamba. "Ayi. Limenelo mwalimva zaka makumi awiri, mwina latopetsa. Lero ndikuti, ndikalakwitsa, musachoke. Mukhale pomwepo. Ameni."

Sizasi inaluma nsalu. Kulira kwake n'kosiyana ndi kwa pepala, n'kofewa, ngati munthu akuyenda paudzu. Anadula chigawo chakumsana, n'kuchikweza kuti tonse tione kuti masamba akuloza kumwamba. Anadula manja awiri. Thukuta linali kamukamu pamphuno, koma milomo inayamba kumasuka. Atafika pakhosi la chigawo chakutsogolo, pokhota, anazengereza pang'ono. Sizasi inadumpha mzere wa choko n'kutsetsereka chotsika pachifuwa, kutalika ngati chala chapakati.

Tonse tinangoti kakasi. Ngakhale abwana anasiya kuyamwa chibakera.

"Eee," ananong'ona a Mpala. "Limeneli layankhidwa msanga."

Palibe anaseka. A Zigamba anaika sizasi pansi n'kukhala pampando. Nkhope inachita kutuwa. Ine ndinkafuna kunena kuti palibe kanthu, koma linali bodza, nsalu inali yomweyo ndipo bambo a mwana anali ataiyamikira kale pafoni kwa amayi awo. Chimene ndinkaopa kwambiri si diresi. Ndinkaopa kuti sizasi ija ibwerera pansi pa matiresi zaka zina makumi awiri, ndipo chifukwa chake ndikhala ine.

Kenako, ndikuganiza kuti manja anangochita zimene anazolowera, anakoka nsaluyo n'kuiyandikiza kumaso, monga amachitira ndi thalauza la munthu wina aliyense. Anayendetsa chala pong'ambikapo.

"Apa," anatero pang'onopang'ono, "munthu anachita mantha."

Anatembenuza, kuyang'ana kuseri.

"Komatu n'zazing'ono izi. Zoterezi ndimakonza zisanu tsiku lisanafike pakati." Anayang'ana amuna awo ngati ndi iwo anabisa nkhaniyi zaka zonsezi. "Abambo, zoterezi ndimakonza tsiku lililonse!"

"Ndakhala ndikudya zimenezo zaka makumi awiri, amayi."

"Make abwana, mukuyamwitsa eti? Ndiye diresi lotseka pachifuwa mukanatani nalo m'tchalitchi, mwana akalira? Tandipatsirani kabotolo ka mabatani ako."

Pong'ambika paja anapatalikitsako dala, n'kupakuta mbali zonse ziwiri ndi timizere ta nsalu yotsala, n'kuikapo mabatani anayi oyera. Makina analira mpaka madzulo. Akupalasa, ankalankhula, theka kwa ine, theka kwa iwo eni.

"Ine Mulungu ndinkamuyesa woyang'anira mayeso. Waima kumbuyo kwako ndi cholembera chofiira, akudikira uphonye. Ndiye ndinati, kuli bwino ndisalembe n'komwe. Dzulo m'tchalitchi muja ndinamufunsa kuti, nanga zaka zonsezi mwandisiyiranji pazigamba? Ndipo mumtima munangobwera kuti, kodi ineyo ntchito yanga n'chiyani? Ndinachita manyazi, mwanawe. Tonse timapita kwa Iye titang'ambika, palibe amene amamutumiza kwa telala wa pamphambano. Naye ndi wa zigamba. Taonani amuna angawa, zigamba zokhazokha, koma akuyenda."

"Ndipo ndikuoneka bwino," anatero a Mpala.

"Walira mvula walira matope. Ukafuna kusoka, uvomere kuti tsiku lina udzaphonya," anapitiriza a Zigamba.

Diresilo silinatuluke langwiro, ndisaname. Phewa lakumanzere linakwererako pang'ono. Ine sindikanazindikira, koma tsiku la ubatizo a Zigamba anayenda nane pakhomo la tchalitchi ngati akugulitsa mbuzi, n'kumaonetsa aliyense. "Ndasoka ndine. Phewa ili lakwera, mukuliona? Apa pamabatanipa ndinang'amba mwangozi." Amayi a busa anawafunsa ngati akudwala. Abwana analira madzi atawakhudza pamutu, ndinamasula mabatani awiri, nkhani inathera pomwepo. Zikhadabo zake ndinali nditawenga ndekha dzulo lake, zonse khumi.

Lachiwiri lotsatira ndinawapeza a Zigamba atatulutsa sutikesi yakale pakhonde. Pansi pa mabulangete panali kaphukusi ka pepala. Atamasula, ndinaona nsalu yachikasu, ya mbalame zouluka, mizere ya mopindamo itayera chifukwa cha kukhalitsa.

"Ndinaigula sabata yotsatira ukwati uja," anatero. "Ndinati ndiwasokere alamu anga lina, ndikapepese. Chaka chilichonse ndimaitulutsa, kuiyanika, kuibweza."

A Mpala, amene ankamanga zingwe za nsapato kuti azipita kuntchito, anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, mchemwali wangayo munamuona liti komaliza? Ana asanu. Mbalame zimenezi sizimuzungulira."

"Ndidzaika nsalu ina m'mbali."

"Nanga akakupirikitsani?"

"Akandipirikitsa ndidzabwerako ndi miyendo yanga yomweyi, ndidzaphika, mudzadya. Kumwamba sikugwa."

"Nanga akakupatsani moni wa nsonga za zala?"

"Ndidzayambira pomwepo kuyeza. Kuchokera kunsonga za zala kufika paphewa, umenewo ndiye mkono wa diresi."

Anaiyala nsaluyo patebulo, anatenga choko n'kujambula kamuvi kakang'ono kuseri kwake, koloza kumene mitu ya mbalame ikuloza. Anajambula kena pakati, kena kumapeto. Kenako anaipinda, kuiika m'chikwama pamodzi ndi tepi yatsopano.

"Abambo, muwaimbire foni alamu anga. Musawauze zambiri. Mungoti Loweruka asachoke, kukubwera munthu kudzawayeza."